Penti ya pa silabu ya m'khitchini ikamakanika: zoyambitsa zake ndi kakonzedwe kake kuno ku Chigwa

Matailosi anakwera mtengo, ndiye ambiri a ife kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje timangogula kachitini ka penti n'kupaka pa silabu ya simenti ya m'khitchini ija, pamene pamakhala sinki ndi mbale, kapena pa tebulo la matabwa lokonzerapo ndiwo. Nzeru imeneyi ndi yabwino ndithu. Lita imodzi ya penti imapaka malo okwana masikweya mita 8 mpaka 10 pa koti imodzi, pomwe silabu yotalika mamita awiri, mulifupi masentimita 60, siifika n'komwe masikweya mita awiri. Ndalama yochepa, khitchini n'kuwala. Koma chaka ndi chaka, makamaka mvula ikangoyamba, dandaulo limene ndimamva ku Nchalo, ku Ngabu mpaka ku Bangula ndi limodzimodzi: "Amisiri, penti ija inali yachinyengo, yasupuka yonse."

Penti yosukulutsa iliko, sindikukana. Koma m'makhitchini ambiri amene ndalowamo, mlandu sunali wa penti. Unali wa mafuta ophikira amene analowerera mu simenti, wa chinyontho, wa mchere, kapena wa dzuwa lathuli. Nthawi youma imene amalemba pachitini amaiyesa pa kutentha kwa madigiri 25 kapena kucheperapo, pomwe ife mu Okutobala ndi Novembala timapitirira madigiri 40, ndipo m'khitchini ya malata opanda siling'i mumaposa pamenepo. Pezani chizindikiro chimene mukuona pa silabu yanu, muyambe ndi choyambitsa chimene chili pamwamba, chifukwa ndicho chimapezeka kawirikawiri.

Mayeso atatu osafuna ndalama

Mayeso awa ndiwatchula mobwerezabwereza m'munsimu.

- Dontho la madzi: donthezani madzi pa simenti yopanda penti. Akalowa n'kusiya banga lakuda, simentiyo imwa penti. Akangokhala pamwamba ngati mkanda, pali mafuta kapena polishi.
- Pepala la pulasitiki: dulani jumbo yoonekera mkati, mbali zonse masentimita 45, muimate ndi tepi m'mphepete monse, muisiye tsiku lathunthu. Mukapeza thukuta kunsi kwake, kapena simenti yada, silabuyo ikadali yonyowa mkati ngakhale pamwamba pakuoneka pouma.
- Sipiriti: nyowetsani kansalu ndi sipiriti wofiirira uja, mupukute penti yakale. Ikatsalira pa kansalu ndi ya madzi. Ikapanda kuchoka ndi ya mafuta.

Chizindikiro 1: Penti ikusupuka zikambazikamba

Ili ndilo vuto lalikulu, ndipo ndichedwapo.

*Mafuta ophikira.* Simenti imamwa mafuta ngati siponji. Kwa azakhali anga ku Ngabu penti inasupuka patangotha masabata atatu, koma osati paliponse. Inasupuka mozungulira bwinobwino, kukula kwake ngati kunsi kwa botolo, pakona pamene pankakhala botolo la mafuta zaka zonsezo, komanso m'mbali mwa pamene ankaikapo beseni la mandasi otentha. Kwina konse inagwira. Nditatembenuza chikamba chimodzi, kunsi kwake kunali koterera, kununkha mafuta okhalitsa. Inunso chitani chomwecho: tembenuzani chikamba, mununkhize, mugwire ndi chala.

Kakonzedwe: palani penti yonse yofooka ndi sikirepa mpaka pamene ikukana kuchoka. Tsukani ndi madzi otentha, sopo wa ufa ndi burashi yawaya, kawiri kapena katatu. Ngati sitolo yanu ili ndi sopo wa apenti wotchedwa sugar soap, ndiye wabwino koposa. Tsukuluzani bwino, dikirani kuti paume, muyese dontho la madzi. Likamakhalabe pamwamba, bwerezani. Kutsuka kamodzi sikukwanira pa silabu imene yakhala ikuphikidwirapo zaka khumi.

*Simenti yosalala kwambiri, kapena yopakidwa polishi.* Amisiri omanga ambiri amamaliza silabu pothira simenti yokhayokha pamwamba n'kuisalaza ndi chipande chachitsulo mpaka kunyezimira. Kenaka mayi a pakhomo amapakapo polishi wa pansi kuti pazioneka bwino. Pamalo otere penti imasowa pogwira. Mukatembenuza chikamba mupeza kunsi kwake kuli koyera, kopanda ngakhale kamchenga. Chotsani polishi ndi kansalu konyowa ndi thina (mankhwala osungunulira penti), kenaka kwechani ndi sandipepa wa nambala 60 kapena 80 mpaka pamveke mwakhakhalakhakhala mukadutsitsa chikhato. Thirani timadzi pokwecha kuti fumbi lisakulowereni m'chifuwa.

*Penti ya pakhoma.* Yotsala popenta pabalaza ija, ya madzi, siinapangidwire malo othiridwa madzi tsiku ndi tsiku. Imafewa, n'kuyamba kuchoka popukuta. Pa silabu pamafunika penti ya pansi imene amapaka pakhonde, kapena enamelo ya mafuta. Ya epoxy yosakaniza zitini ziwiri ndiyo yolimba kuposa zonse, koma ndi yodula, ndipo kutentha kwathu kuno imalimbira m'chitini momwemo musanamalize kupaka ngati mwasakaniza yambiri.

*Ya madzi pamwamba pa ya mafuta.* Yesani ndi sipiriti. Ngati yapansi ndi gilosi ya mafuta ndipo munapakapo ya madzi osakwecha, imachoka yonse ngati kusenda nthochi. Ichotseni, kwechani gilosiyo ndi nambala 120 mpaka kunyezimira kuthe.

*Kulumpha pulaima, penti yoyambirira imene imathandiza kuti yapamwamba igwire.* Apa ndi pamene ambiri amafuna kupulumutsirapo ndalama, ndipo zimandiwawa chifukwa ndi pomwe amaluzirapo. Ndi bwino kugula lita imodzi ya pulaima ndi lita imodzi ya penti kusiyana ndi chigubu cha malita asanu a penti yotchipa popanda pulaima. Ya pa simenti pachitini amalemba kuti plaster primer kapena alkali resistant primer, kutanthauza yolimbana ndi laimu wa mu simenti. Penti zina za pansi sizifuna pulaima, amati koti yoyamba muisungunule pang'ono; tsatirani zimene chitini chanu chikunena.

Chizindikiro 2: Matuza

Boolani thuza limodzi ndi nsonga ya mpeni, muone mkati.

Ngati mkati muli mouma ndipo yatukuka ndi koti yapamwamba yokha:

1. Munapaka kukutentha, kapena dzuwa likulowa pazenera n'kuomba pa silabu. Pamwamba pamauma msanga n'kutsekera thina mkati, ndiye akamafuna potulukira amatukula khungu la pentiyo.
2. Mpweya wa mu simenti. Simenti ili ndi timabowo tambirimbiri, ndipo silabu ikamatenthedwa m'mawa mpweyawo umatuluka n'kusiya timatuza ting'onoting'ono ngati nthomba.
3. Munakhutchumula chitini m'malo motakasa ndi kamtengo, kapena munathamangitsa rola.

Kwechani matuzawo ndi nambala 120, pukutani fumbi, mupakenso mopyapyala. Koti yoyamba ya pa simenti yosapentedwa ndimaipaka chakumadzulo, cha m'ma 4 koloko, silabu ikayamba kuzizira, chifukwa nthawi imeneyo simenti imakoka penti m'malo moikankha. Makoti otsatira ndimapaka m'mamawa, dzuwa lisanakwere. Ikani chikhato pa silabu: ikamamveka kutentha, siyani burashi. Ngati mungathe kudikira, miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndiyo yokomera ntchito imeneyi kuno ku Chigwa.

Ngati mkati muli madzi, kapena thuza lafika mpaka pa simenti:

1. Munatsuka silabu m'mawa n'kupenta masana omwewo. Pamwamba pamauma mu ola limodzi, koma mkati mumafuna masiku atatu kapena kuposerapo.
2. Madzi akulowa m'mphepete mwa sinki, kapena pampata wa pakati pa silabu ndi khoma.
3. Paipi ikudontha kunsi kapena mkati mwa khoma.
4. Silabu ndi yatsopano. Simenti imafuna masiku 28 isanaone penti, ndipo nyengo ya mvula onjezerani.

Palani, siyani paume, muyese ndi pulasitiki. Mipata ya m'mphepete mwa sinki itsekeni ndi silikoni mutamaliza kupenta, chifukwa penti siigwira pa silikoni.

Chizindikiro 3: Papita masiku koma penti ikumatabe

Enamelo ya mafuta imayenera kuuma pogwira pakatha maola 6 mpaka 8, ndipo koti yachiwiri imadikira maola 16 mpaka 24. Ikamatabe patapita masiku atatu, chilipo chalakwika.

- Koti yokhuthala. Anthu amafuna kumaliza ndi koti imodzi. Dinani ndi chikhadabo pakona: pamwamba pali khungu, mkati muli phala. Tsegulani mawindo, mudikire sabata. Ikapanda kulimba, palani.
- Munapaka yachiwiri yoyamba isanaume. Mankhwala ake ndi omwewo.
- Munasungunula ndi parafini, dizilo kapena petulo poona kuti thina wadula. Parafini ndi dizilo amachedwa kuuluka, ndipo penti imakhala yofewa mpaka kalekale. Petulo ndiye ndi ngozi ya moto. Apa palibe kudikira, chotsani yonse. Ngakhale thina amene, alipo wamitundumitundu: wa penti ya galimoto amawononga enamelo ya m'nyumba. Gulani amene watchulidwa pachitini.
- Penti ya mafuta pa simenti yatsopano popanda pulaima. Laimu wa mu simenti akakumana ndi chinyontho amasandutsa mafuta a mu penti kukhala ngati sopo. Mumaona kuterera, nthawi zina timadontho tachikasu. Yoteroyo siidzauma. Palani, tsukani, dikirani, yambani ndi pulaima.
- Munatseka zitseko ndi mawindo poopa fumbi. Penti ya mafuta imauma ndi mpweya.
- Ngati ndi epoxy, muyeso wa zitini ziwirizo unalakwika kapena simunatakase mokwanira. Malo ofewawo apaleni mpaka pansi. Kupaka ina pamwamba sikuthandiza.

Chizindikiro 4: Ufa woyera ukutuluka, penti ikutukuka ngati chikhokho

Ili ndi vuto lathulathu la ku Chigwa. Aliyense amene anamwapo madzi a m'mijigo ina ya kuno akudziwa kuti ndi amchere. Madzi omwewo ndi amene anakandira simenti, kuumbira njerwa ndi kutsukira silabu. Chinyontho chikamayenda mu simenti chimanyamula mcherewo, chikauma pamwamba n'kuusiya pansi pa penti, ndipo mcherewo umakankha penti mpaka kuiswa.

Kuti musiyanitse ndi nkhungu, tengani ufawo pang'ono muuike m'madzi. Mchere umasungunuka, nkhungu siisungunuka, ndipo kawirikawiri imakhala yakuda ndi yafungo.

Zoyambitsa, kuyambira chofala:

1. Chinyontho chokwera kuchokera pansi kudzera m'zipilala za njerwa zimene zanyamula silabu. Yang'anani ngati ufawo uliponso m'munsi mwa khoma, pafupi ndi pansi.
2. Nyumba inalowapo madzi osefukira. Makoma amene anamira nthawi ya namondwe Ana mu Januwale 2022 kapena Freddy mu Malichi 2023 anamwa madzi ambiri, ndipo mchere umene unasunthidwa nthawi imeneyo umatha kumatulukabe nyengo ya mvula iliyonse.
3. Kutsuka silabu ndi madzi a pamjigo wamchere musanapente.
4. Khoma la kunja likumwa mvula chifukwa denga ndi lalifupi kapena madzi amadikha m'mbali mwa nyumba.

Musathire madzi pa mcherewo, chifukwa mungoubwezera mkati. Upaleni pouma ndi burashi yolimba, sesani, musiye silabu yosapenta masabata awiri. Ukatulukanso, palaninso, mudikirenso. Ndikudziwa kuti n'zowawa kuona khitchini ili mbuu alendo akubwera, koma penti yopaka pa mchere umene ukutulukabe ndi ndalama yoponya mu Shire. Ukasiya kutuluka ndipo pulasitiki yauma, pakani pulaima yolimbana ndi laimu ija. Pamene pafunika kutsuka silabu musanapente, potsukuluza komaliza gwiritsani ntchito madzi a mvula kapena a pampopi osamveka mchere, ndowa imodzi yokha ikwanira.

Ufa ukamabwerabe patapita miyezi iwiri ya chilimwe, gwero la chinyontho likadalipo, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri womanga.

Chizindikiro 5: Makwinya, mizere ya burashi, fumbi ndi tizilombo

Izi zimangonyansa m'maso, sizivuta kukonza. Makwinya amabwera ndi koti yokhuthala pa tsiku lotentha. Mizere imabwera chifukwa penti ikuuma musanaisalaze, kapena mukubwerera ndi burashi pamalo pamene payamba kale kugwira. Pakani kachigawo kakang'ono, salazani kulowera mbali imodzi, mupite patsogolo osacheuka. Karola kakang'ono ka siponji kamasalaza bwino kuposa burashi yotchipa imene imathothoka ubweya.

Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limalowa paliponse. Wazani madzi pansi ndi pabwalo pafupi ndi khomo musanayambe, ndipo pazenera pachikani chitenje chonyowa m'malo motseka. Usiku musayatse getsi m'khitchinimo. Tizilombo tonse ta m'dambo tidzagona pa penti yanu. Kachilombo kakamatirira, kasiyeni mpaka penti iume, mudzakachotse ndi sandipepa wa nambala 220 n'kupakapo pang'ono.

Chizindikiro 6: Zipsera za mapoto, mabala a mpeni ndi madontho

Apa penti inapakidwa bwino, koma ikugwiritsidwa ntchito imene siingathe.

*Munayamba kuigwiritsa ntchito msanga.* Kuuma ndi kukhwima n'zosiyana. Penti youma lero imafuna sabata yathunthu musanaikepo mbale, ndipo imakhwima kwenikweni pakatha masabata atatu kapena anayi. Masiku amenewo konzerani ndiwo pa tebulo lina.

*Poto wochokera pa mbaula.* Penti wamba ya m'nyumba siingapirire mphika wa nsima wongophulidwa kumene. Imafewa n'kusiya mkombero. Chimene ndimalangiza aliyense n'chakuti apemphe matailosi awiri kapena atatu otsala kwa amene akumanga, awaike pamene pamafikira mapoto. Kathabwa kokhuthala kamagwiranso ntchito yomweyo. Mbaula yeniyeniyo isakwere pa silabu yopentedwa.

*Mpeni.* Bala lililonse ndi khomo la madzi. Dulirani pa thabwa. Ndipo nkhani si ya penti yokha: musakande ufa wa mandasi, kutumbula mlamba kapena kudula nyama pa penti penipeni. Tizidutswa take timalowa m'chakudya, ndipo penti zina za mafuta, makamaka zakale zofiira ndi zachikasu, zimakhala ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa ana. Bungwe la WHO limalimbikitsa kuti mtovu mu penti usapitirire magawo 90 pa miliyoni. Pogula funsani yolembedwa kuti lead free, muonenso chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards pachitini.

*Madontho a tomato, kale wothira m'ndiwo (curry) ndi tiyi.* Pukutani msanga ndi sopo wa mbale ndi kansalu kofewa. Sitiliwulu ndi mchenga n'za mapoto. Mtundu wotuwa kapena wa khofi umabisa zambiri kuposa woyera.

Pokonza chipsera, kwechani malowo ndi nambala 180 mpaka m'mphepete musamamveke, pakani pulaima ngati simenti yaonekera, kenaka timakoti tiwiri topyapyala. Penti yotsala muisunge pamthunzi, chivindikiro chili chothina. Pansi pa malata imauma m'chitini momwemo.

Chizindikiro 7: Pa matabwa kapena Formica

Ngati penti ikung'ambika motsatira mizere ya thabwa, thabwalo linali losauma kapena likumwa madzi kunsi. Anthu amapenta pamwamba pokha, kuiwala kunsi ndi m'mphepete, momwe madzi amalowera. Pentani mbali zonse, kuyamba ndi pulaima ya matabwa.

Bolodi yopangidwa ndi utuchi ikafufuma pafupi ndi sinki, yatha; penti siingaibweze. Dulani gawolo muikepo lina. Gogodani thabwa ndi chala: likamalira ngati ng'oma, kapena mukaona timizere ta dothi m'miyendo ya tebulo, ndi chiswe, ndipo muyambe mwathana nacho.

Pa Formica, chipepala cholimba ndi chosalala chimene amamata pamwamba pa matebulo, penti imaterereka ngati simunakweche ndi nambala 120 ndi kupaka pulaima ya malo osalala. Mawanga akuda a nkhungu m'mbali mwa sinki aphedwe kaye ndi Jik wosungunula, gawo limodzi ku magawo atatu a madzi, mawindo ali otsegula. Jik asasakanizidwe ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira, chifukwa amatulutsa mpweya wapoizoni.

Pamene muyenera kusiya n'kuitana mmisiri

- Mng'alu wolowa ndalama yachitsulo, wodutsa silabu yonse mpaka kunsi, kapena umene ukukulirakulira. Lembani ndi pensulo pamene wathera, mudzaonenso pakatha mwezi. Dothi lakuda la makande limafufuma ndi mvula n'kung'ambika m'chilimwe, ndipo limasuntha maziko. Timing'alu tonga tsitsi tokha ndi timene mungatseke nokha ndi fila.
- Mizere ya dzimbiri kapena simenti yothothoka kunsi kwa silabu. Zitsulo za mkati zikudyeka, ndipo silabu yotere ikhoza kugwera mwana. Chotsanipo katundu wolemera lero lomwe.
- Simenti ikunyenyeka mukakanda ndi msomali. Inachepa pokanda, ndipo pafunika pulasitala watsopano.
- Pulasitiki ikuchitabe thukuta silabu itakhala masabata awiri osathiridwa madzi. Itanani pulambala aone mapaipi.
- Soketi ya magetsi ili pa khoma lonyowa, kapena sinki ikugwira mukaikhudza. Zimitsani pa meini switchi, muitane wa zamagetsi musanagwire china chilichonse.
- Penti yakale yamakoti ambiri m'nyumba yakalekale. Musaikweche pouma kapena kuiwotcha, makamaka ngati pakhomo pali ana aang'ono kapena mayi woyembekezera.
- Wina akakuuzani kuti muthire asidi kuti simenti ikhakhale. Asidi ameneyo amawotcha khungu ndi maso. Asiyireni amene ali ndi magolovesi, magalasi ndi luso lake.

Mukamagwira ntchito ndi thina kapena penti ya mafuta, mbaula, kandulo ndi fodya zikhale panja, ana akasewere kutali. Mutu ukayamba kuwawa kapena chizungulire, tulukani mukapume mpweya wabwino. Zikapitirira pitani kuchipatala mutanyamula chitinicho. Nsanza zonyowa ndi penti musaziunjike pakona, chifukwa kutentha kwathu kuno zimatha kuyaka zokha. Ziyanikeni panja chimodzichimodzi, kapena muzimize m'chitini cha madzi.